Nkhata Bay ilibe mphesa, koma ili ndi zolawitsa alendo

Mlendo akafika ku Nkhata Bay, masiku oyamba sasowa chochita. Amasambira ku Chikale, amavala magalasi am'madzi n'kumaonerera mbuna zikuthamangitsana m'miyala, amakwera boti kukaponyera nkhwazi nsomba, ndipo ngati ali wolimba chiwindi amadumpha pathanthwe kugwera m'nyanja. Zimenezi zikatha, mumupeza ali pakhonde la loji, maso ali pa foni, akufunsa kuti sitima ya Ilala ifika liti kapena minibasi ya ku Mzuzu imanyamukira pati. Ndalama zomwe akadasiya m'boma muno amapita nazo kwina. Tamuonetsa zam'madzi zokhazokha. Zakumtunda, komwe kuli tiyi, khofi, labala, chinangwa ndi anthu amene amalima zimenezi, sitidamuuzeko n'komwe.

Anthu akuno amene adakhalako ku Cape Town, ndipo ndi ambiri poti Atonga ulendo wa ku Joni adauyamba kalekale, amadziwa kuti kumeneko mlendo wotereyu samusiya kuti anyong'onyeke. Amamutenga m'mawa pa galimoto, kupita naye kuminda ya mphesa ku Stellenbosch, Franschhoek kapena Paarl, kumulawitsa vinyo munda ndi munda, kumudyetsa nkhomaliro pansi pa mitengo, n'kumubweza dzuwa likupendeka ali ndi mabotolo m'chikwama, thumba litapepuka, iye akumwetulira. Kuchoka ku Cape Town kufika ku Stellenbosch ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, wofanana ndi wochoka ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay. Kodi malonda amenewa amayenda bwanji, ndipo ndi mbali iti imene ingamere pa dothi lathu?

Vinyo wa ku Cape ndi wakalekale. Jan van Riebeeck, mkulu wa Adatchi oyamba kukhazikika kumeneko, adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti mphesa zoyamba zidafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659. Mkulu wina wa Adatchi, Simon van der Stel, adakhazikitsa Stellenbosch mu 1679 ndi munda wa Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kudafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, amene ambiri adakakhala m'chigwa chomwe lero chimatchedwa Franschhoek. Komatu zaka pafupifupi 300 zidadutsa alimi ambiri asakuganiza zoti mlendo wamba angakhale kasitomala wa pakhomo. Mlimi ankalima, kufinya, n'kugulitsa vinyo wake m'migolo kwa amalonda akuluakulu. Bungwe la KWV, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1918, pambuyo pake lidapatsidwa mphamvu zoika mitengo ndi malire a zokolola. Munthu wakumwa vinyo m'tauni sankadziwa munda umene wachokera, ndipo mlimi waluso ndi mlimi waulesi ankalandira ulemu wofanana.

Zinthu zidasintha mu 1971. Alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Niel Joubert wa ku Spier ndi Spatz Sperling wa ku Delheim, adakhazikitsa njira yoyendera minda ya vinyo ya Stellenbosch, nzeru yomwe Malan ndi Joubert adaitola ataona momwe alimi a ku Burgundy, m'dziko la France, ankalondolerera alendo kuminda yawo. Chimene adachita n'chaching'ono mukachiyang'ana lero: zikwangwani mumsewu, mapu osonyeza munda uwu ndi uwo, ndi lonjezo lakuti mlendo akafika pa nthawi yoikika apeza chipata chotsegula ndi munthu womulandira. Mu 1973 kudabwera lamulo lakuti dzina la dera likalembedwa pa botolo, mphesazo zikhale zochokeradi kumeneko. Apa m'pamene dzina la malo lidasanduka katundu wamtengo. Chomwe chimandichititsa chidwi pa mbiriyi n'chakuti anthu atatuwa anali opikisana pa msika umodzi, koma adaona kuti palibe mlendo angayende mtunda wonsewo chifukwa cha munda umodzi wokha.

Tsiku lenilenilo limayenda motere. Woperekeza alendo, amene nthawi zambiri ndi iye yemwenso dalaivala, amatola anthu ake m'mahotela chakum'mawa. Iye samwa ngakhale dontho, ndipo chimenechi ndi theka la zomwe mlendo akulipirira, chifukwa munthu amene walawa vinyo m'minda itatu kapena inayi sayenera kugwira chiwongolero. Pa munda uliwonse amakuthirirani vinyo wamitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, pang'onopang'ono pansi pa tambula, kuyambira woyera wopepuka, kubwera wofiira, kumalizira wotsekemera, kuti wamphamvu asaphe kukoma kwa wofatsa. Pambali pamakhala kachidebe kolavuliramo kwa amene akufuna kumva kukoma popanda kuledzera. Minda ina imaphatikiza vinyoyo ndi tchizi, chokoleti kapena nyama yofutsa ya biltong. Penapake amakulowetsani m'nyumba yozizira momwe muli migolo ya matabwa, n'kukufotokozerani za Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold adaupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku France. Ku Franschhoek, kuyambira 2012, kuli ngakhale kasitima kozungulira minda kuti anthu azikwera ndi kutsika momwe afunira.

Mukawerengera vinyo yense amene mlendo wamwa tsiku limenelo, mwina sangadzaze botolo limodzi, lomwe akadatha kugula m'sitolo pa mtengo wochepa. Ndiye walipira chiyani? Walipira kuti wina amukonzere tsiku, amutengere kumene chinthucho chimachokera, amuonetse manja amene amachipanga, ndi kumuphunzitsa kusiyanitsa zimene dzulo lake ankaziona ngati zofanana. Mlimi naye amapindula kawiri. Botolo logulitsidwa pakhomo lilibe mkhalapakati wodyapo, ndipo mlendo amene adaimapo m'mundamo akabwerera kwawo ku London kapena ku Johannesburg amakafunafuna dzina lomwelo pa shelefu. Pamwamba pa izi pali ophika, operekera zakudya, osamalira maluwa ndi oyendetsa magalimoto, ndipo mwa iwowa Amalawi simungawasowe.

Za mphesa zenizenizo tisadzinamize. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo pamene mphesa zikupsa, kuyambira Januwale mpaka Malichi, kunja kumakhala kouma ndi kotentha. Kuno n'zosemphana. Miyezi yomweyo ndiyo ya mvula yamphamvu, ndipo Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'Malawi muno, mwina mpaka mu Meyi kukadali kuwaza. Chinyontho chotere chimabweretsa chuku pa masamba ndi pa zipatso, mphesa zimang'ambika zisanatsekemere. Anzathu a ku Tanzania ali ndi vinyo wawo, koma amalimira ku Dodoma, dera louma la pakati pa dzikolo komwe amishonale adayambitsa ulimiwu. Aliyense wofuna kudzala mphesa m'mphepete mwa nyanja kuno kuti apikisane ndi Stellenbosch akutaya ndalama zake.

Vinyo wa zipatso zina ndi nkhani yosiyana. Ku Lilongwe, banja la a Timothy ndi mayi Margaret Ngwira lakhala likupanga vinyo wa Linga kuchokera ku zipatso monga jambula, mabulosi, magwafa, mapichesi ndi chidede, zogula kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo amapezeka m'masitolo akuluakulu. Ku Karonga kuli gulu la alimi, ambiri a iwo amayi, lomwe limapanga vinyo wa nthochi zomwe zikadangoolera pamsika. Nkhata Bay nayo mango amaola pansi chaka ndi chaka m'Disembala, ndipo nthochi, zomwe matenda a chisaka adazisakaza koopsa, alimi akuzidzalanso. Mwayi ulipo. Koma fakitale imodzi ya vinyo wa zipatso, ngakhale itatsegulidwa mawa, ingakhale poima pamodzi chabe pa ulendo. Msana wa ulendowo uyenera kukhala zinthu zimene boma lino lili nazo kale.

Choyamba ndi tiyi, ndipo pamenepa sitifunika kuyang'ana kunja kwa dziko chifukwa chitsanzo chili ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, yomwe Maclean Kay adaiyambitsa mu 1923, idatsegula zipata zake kwa alendo zaka zambiri zapitazo. Nyumba yakale ya banjalo, Huntingdon House, idasanduka malo ogona, ndipo alendo amapita kukalawa tiyi wamitundumitundu: wakuda, wobiriwira, woyera ndi wina wopotedwa pamanja. Kulawa tiyi kuli ndi mwambo wake wosachepa poyerekeza ndi wa vinyo. Akatswiri amayeza masamba olemera magalamu 2 pa mamililita 100 alionse a madzi owira, kuwasiya mphindi 6, kutsanulira m'timbale toyera tondandalikidwa pa tebulo, kenako kufwefwenthera ndi supuni mwaphokoso kuti tiyiyo amwazikire m'kamwa monse, n'kulavula. Phokoso lomwe amayi athu ankatimenyera tili ana, kumeneko ndiye ukatswiri. Mmalawi amene wakhala akumwa tiyi wa shuga masupuni atatu moyo wake wonse amadabwa kumva kuti masamba a mtengo umodzi angatulutse makomedwe osiyana chonchi.

Ambiri akamva za tiyi amaganiza za Mulanje ndi Thyolo basi, kumene ulimiwu udayambira cha m'ma 1890. Amaiwala kuti kumpoto kuno kuli Kawalazi, esiteti yaikulu ya tiyi ndi mtedza wa makademiya m'mapiri a pakati pa Mzuzu ndi nyanja, ndiponso kuti Chombe, dzina lomwe timaliona pa mapaketi a tiyi m'magolosale, ndi dzina la malo a m'boma lino. Munthu akalowa m'fakitale ya tiyi amaona zinthu zosaiwalika: masamba obiriwira atayalidwa kuti afote, makina akuwadula ndi kuwapota, mtundu ukusintha pamaso pake kuchoka kobiriwira kupita kofiirira pamene mpweya ukuwalowa, kenako kuumitsa ndi kusefa. Fungo lake lokha ndi lokwanira kugulitsa paketi. Pafupifupi tiyi yense wa m'Malawi amatuluka kunja, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, n'kukasakanizidwa ndi wa mayiko ena m'mapaketi osatchula dzina lathu. Ndi mmene zinalili ndi vinyo wa ku Cape chisanafike chaka cha 1971.

Khofi ali pabwino kuposa tiyi pa chifukwa chimodzi: eni ake ndi alimi ang'onoang'ono, osati kampani. Mgwirizano wa makopaletivi wa Mzuzu Coffee uli ndi nthambi ku Misuku, Phoka, Viphya, kummwera chakum'mawa kwa Mzimba, Ntchisi, komanso imodzi ya kumapiri a Nkhata Bay. Dzina la Mzuzu Coffee alendo ena amalidziwa asanatsike n'komwe ndege. Chomwe sadaonepo ndi mayi akuthyola zipatso zofiira chimodzichimodzi, makina osendera makoko, matanki momwe khofi amagonamo kuti kuterera kwake kuchoke, ndi mathandala oanikira padzuwa. Mlimi yemweyo atakazinga pang'ono pa mbaula, kusinja mumtondo, n'kumwetsa mlendo ali m'munda momwemo, ndalama ya kapu imeneyo ingalowe m'thumba la amene adadzala mtengowo.

Koma kwa ine chuma chachikulu cha ulendo wotere chili pa mbale ya nkhomaliro, ndipo n'chimene timachinyoza kwambiri. Pitani m'maloji ambiri a m'mphepete mwa nyanja muone zolembedwa pa bolodi: pitsa, baga, tchipisi, supageti. Mlendo wauluka maola ambirimbiri kudzadya zomwe wazisiya kwawo, zophikidwa moperewera. Pamene kuseri kwa mpanda womwewo mayi wa Chitonga akupanga kondowole, chakudya chomwe nzeru zake n'zozama ngati za wopanga vinyo aliyense. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni woti atha kupha munthu. Makolo adapeza njira yochigonjetsera popanda labotale: kuchisenda, kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo mpaka chifewe ndi kuyamba kusasa, kuchifinya, kuchiyanika, kuchisinja, n'kusefa ufa wosalala. Kusasako n'kumene kumachotsa ululu ndi kupereka kafungo kamene Mtonga ali ku Johannesburg amakalota usiku. Masiku oviika akachepa, nsima imawawa ndipo ndi yoopsa. Akachuluka, fungo limapitirira. Kuvundula kwake nakonso ndi masewera ena, poti kondowole amamata ndi kukoka, ndipo wophika amachita kupanira poto ndi mapazi. Mlendo atapatsidwa mthiko kuti ayese, adzasimba nkhaniyo kwa zaka.

Ndiye ikani pambali pake ndiwo. Chigwada chosinja. Batala wootcha pa makala, nsomba yamafuta imene anthu ochokera ku Lilongwe amaifunsa asanapereke n'komwe moni. Usipa wauwisi wa m'mawa womwewo, wogwidwa usiku ndi chilimira pamene nyali za asodzi zimandanda panyanja, ndi usipa wofutsa, ndi wouma wa pathandala, kuti mlendo alawe mitundu itatuyo motsatizana n'kumva kusiyana kwake. Kampango wofukiza. Mpunga wa ku Limphasa. Kwa olimba mtima, nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, tomwe anthu amatikola n'kuumba timikate. Pafupi ndi tauni pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Mkondezi, komwe akatswiri akhala akuyesa mitundu ya chinangwa, moti ngakhale mlendo wokonda za sayansi ali ndi pofunsa. Izi zonse zilipo lero, sizikudikira ngongole ya ku banki kapena mbewu yochokera kunja.

Zina ndi zongodutsa nazo. Msewu wa ku Chintheche umapyola m'nkhalango ya labala ya Vizara, momwe mitengo yochekedwa makungwa imadontheza utomoni woyera m'tizikho, ndipo anyamata amagulitsa mipira yopota ndi labala m'mbali mwa msewu. Labala sadyedwa, koma mphindi makumi awiri pamenepo sizotayika. Kutsogoloko kuli Bandawe, komwe mishoni ya Livingstonia idasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear isanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. M'tauni ya Nkhata Bay momwemo muli chikumbutso cha anthu amene adawomberedwa padoko pa 3 Malichi 1959.

Pofika apa wina anganene kuti basi, tagula minibasi tiyambe. Ayi, pali zopinga, ndipo choyamba ndi mtunda. Ku Stellenbosch minda idagundana, mphindi khumi mwatuluka pa chipata china mwalowa china, msewu wa tala ponseponse. Kuno msewu wa Mzuzu ndi Nkhata Bay udamangidwanso bwino ndi thandizo la African Development Bank, koma mukangopatuka kulowera kumaesiteti kapena kwa alimi a khofi mwayamba fumbi, ndipo m'dzinja ndi matope oterera. Nyengo nazo sizigwirizana. Tiyi amaphukira kwambiri nthawi ya mvula, pamene misewu ili yoipa ndipo alendo ali ochepa. Khofi amathyoledwa m'miyezi yozizira, alendo atachuluka, koma nthawi yomweyo mwera umavutitsa asodzi ndipo nsomba zimasowa masiku ena. Choncho ulendo umodzi wokhala ndi zonse, wofanana chaka chonse, sungatheke. Pafunika maulendo awiri kapena atatu aafupi, uliwonse ndi miyezi yake, ndipo wogulitsa anene zoona kwa mlendo kuti mwezi uno fakitale ili zii.

Chopinga chachiwiri ndi chipata cha esiteti. Mlimi wa vinyo amafuna mlendo chifukwa amamugulitsa botolo lokhala ndi dzina lake. Kampani ya tiyi yomwe imagulitsa matani ku okushoni ilibe chifukwa chotero. Kwa manijala, alendo khumi oyendayenda pakati pa makina ndi chiopsezo cha ngozi, ndi nkhawa ya ukhondo wa chakudya chomwe ogula akunja amachiyendera, ndiponso ndi maso ndi makamera omwe angaone zimene kampani sikufuna kuti zioneke. Satemwa idatha chifukwa eni ake adasankha kupanga tiyi wapadera wogulitsa m'dzina lawo. Popanda chisankho chotere, palibe woperekeza alendo angakakamize chipata kutseguka, ndipo kulowa mozemba pogwirizana ndi mlonda kungaphe nkhani yonse tsiku limodzi.

Nkhani ya maso ndi makamerayi ikutifikitsa pa mbali ya vinyo wa ku Cape imene timabuku ta alendo sitikonda kuitchula. Minda yokongola ija idalimidwa ndi akapolo mpaka m'ma 1830. Ukapolo utatha, kudatsala mchitidwe wolipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, kuwamwetsa kangapo patsiku. Lamulo lidauletsa cha m'ma 1960 koma udapitirira m'minda ina mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikadalipo: madera amenewa ali m'gulu la malo omwe ana obadwa ndi ulumali wobwera chifukwa cha mowa womwe mayi adamwa ali woyembekezera ndi ochuluka kwambiri padziko lonse. Mu Novembala 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns adanyanyala ntchito ndi kutseka msewu waukulu, akufuna R150 patsiku m'malo mwa R69. Chaka chotsatira boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa R105. Mlendo wokhala pansi pa mtengo ndi tambula m'manja akhoza kumaliza tsiku lonse osaona komboni ya antchito.

Anthu a ku Nkhata Bay sayenera kuuzidwa zimenezi ndi munthu wakunja. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, bungwe lomwe lidadzakula mpaka kukoka zikwizikwi za antchito a m'mafamu a ku South Africa, adabadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe. Nafenso minda yathu ya tiyi ili ndi mbiri yake ya thangata, ndipo madandaulo sadathe. Pulogalamu ya Malawi Tea 2020, yomwe idayamba mu 2015, idakhazikitsidwa chifukwa malipiro a othyola tiyi anali otsika moti ogula akunja adachita nawo manyazi. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain yokhala ndi minda kuchigawo chakummwera idagwirizana zolipira amayi 36 amene adaisumira pa nkhani za nkhanza zogonana, ngakhale sidavomere mlandu. Izi sizidachitikire m'boma lino, koma mlendo wowerenga nyuzi amafika akuzidziwa, ndipo adzafunsa. Ulendo womuonetsa mayi wa dengu kumsana ngati duwa la m'munda, kumujambula osamupempha, osamupatsa kanthu, ndi ulendo wochititsa manyazi ngakhale utabweretsa madola.

N'chifukwa chake ndikuona kuti poyambira pabwino ndi pa alimi ang'onoang'ono ndi mabanja, osati pa makampani. Ndipo ndalama zikhale zoonekera. Mtengo ulembedwe pa pepala lopachikidwa m'maloji onse, ndipo pansi pake palembedwe kuti mwa ndalama imeneyi, yakuti ipita kwa banja lophika, yakuti kwa mlimi wa khofi, yakuti kwa woperekeza, yakuti ya galimoto. Banja lolandira alendo lilipidwe ngakhale mlendo atangolawa mbamu imodzi n'kusiya, chifukwa nkhuni zapsa kale ndipo tsiku la kumunda latayika. Mabanja azisinthana, mfumu ya mudzi ikudziwa, apo ayi nsanje idzagwetsa zonse mwezi usanathe. Kupereka maswiti ndi timakobili kwa ana kuletsedwe poyambirira pomwe; taona m'madoko ena momwe ana amasiyira sukulu n'kumathamangira azungu.

Woperekeza alendo ndiye mtima wa zonsezi. Tauni ino ili kale ndi anyamata ochenjera, olankhula Chingerezi chothyakuka, ena mpaka mawu angapo a Chijeremani, amene amakumana ndi mlendo akangotsika minibasi. Vuto n'lakuti ambiri amadziwa kugulitsa ulendo kuposa kuufotokoza. Wina akafunsidwa chifukwa chimene chinangwa amachiviikira amangoti ndi chikhalidwe chathu, nkhani yathera pomwepo. Ku South Africa munthu saloledwa kuperekeza alendo molipidwa popanda maphunziro ndi kulembetsa. Ife tili ndi Mzuzu University pamtunda pomwepa, yomwe imaphunzitsa za zokopa alendo, tili ndi alangizi a zaulimi ndi a zausodzi, tili ndi agogo odziwa mayina a nsomba ndi mphepo za panyanja. Maphunziro a milungu yochepa ophatikiza anthu amenewa angasule operekeza okwanira. Ndipo pakhale atsikana pakati pawo, poti nzeru za kondowole zili ndi amayi, ndipo mayi amamasuka kufotokozera mtsikana mnzake kusiyana ndi mnyamata amene sadagwirepo munsi.

Ukhondo sufuna ndalama zambiri koma sulola chinyengo: madzi owiritsa kapena a m'botolo, sopo ndi madzi othira posamba m'manja, chimbudzi chooneka bwino, chakudya chotentha chochoka pamoto. Boma lino lidavutikapo ndi kolera mu 2022, ndipo mlendo mmodzi wodwala m'mimba akalemba pa intaneti amathamangitsa anzake zana. Za mowa, thobwa ndi masese ophikidwa bwino angalowe pa ulendo, limodzi ndi vinyo wa zipatso wokhala ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Kachasu ayi. Mphamvu yake palibe amaiyeza, ndipo dziko lomwe lidachita kuletsa mowa wa m'masacheti chifukwa cha momwe udawonongera achinyamata lisasandutse chidakwa kukhala chionetsero.

Funso lomaliza ndi lakuti kasitomala ndani. Tikamva mawu akuti alendo timaona mzungu wa chikwama kumsana, koma ameneyu ndi wa nyengo, ndipo ambiri ofika ku Nkhata Bay ndi achinyamata owerengera kwacha iliyonse. Minda ya ku Cape imadalira kwambiri anthu a ku South Africa komweko, amene amapitako Loweruka ndi mabanja awo. Nthawi ya Covid-19, ndege zitaima, amene adatsala ndi amenewo. Kuno nawonso alipo: ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe ku Mzuzu amene Loweruka amatsikira kunyanja kukangokhala pa mchenga ndi mabotolo, anthu a misonkhano amene amadzaza maloji a ku Chintheche m'kati mwa sabata, ana a sukulu amene amaloweza za tiyi ndi labala m'kalasi osaonapo mtengo wake, ndi matchona obwera ku tchuthi cha Khirisimasi ndi ana obadwira ku Joni amene sadziwa kuti ufa wa kondowole umachokera kuti. Mtengo wa Amalawi ukhale m'makwacha, wofikirika, ndipo kufotokoza kuzichitika m'Chitonga, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa pamene gulu likufuna tero.

Kuweruza kwanga n'kwakuti ulendo wa tsiku lonse wofika kumaesiteti sunapse, ndipo sudzapsa mpaka kampani ina itaona phindu logulitsa tiyi m'dzina lake. Koma wa theka la tsiku ndi wotheka chaka chino: kuyambira padoko m'bandakucha asodzi akukocheza, kudutsa mumsika, kukathera pakhomo pa banja lopanga kondowole, n'kuwonjezera munda wa khofi m'miyezi yokolola. Eni maloji a ku Chikale ndi a m'tauni, a kopaletivi ya khofi, komiti ya asodzi ndi ofesi ya zokopa alendo ya khonsolo, khalani pansi mugwirizane njira imodzi, mtengo umodzi ndi masiku ake, ndipo mulembe mayina a mabanja oyamba kulandira alendo isanafike nyengo yokolola khofi.